Ndinawapambana amalume pa bwato la pa kanema

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Nkhudzi, amayi ogulitsa usipa m'mbali mwa msewu amandilonjera kuti, "Mwatipeza a katswiri!" Ine ndimavomera mwaulemu n'kudutsa msanga, maso ali pansi. Dzina limeneli sindinalipate chifukwa cha luso ayi. Ndaganiza zokuuzani ndekha mmene linabwerera, chifukwa mukakamva kwa amayi aja, iwo amathira nsinjiro zambiri, mpaka ena amati m'nkhaniyi munali ng'ona. Ng'ona munalibe. Zina zonsezo n'zoona.

Ine ndine mwana wa ku Katuli, kumtunda kwenikweni, kumene madzi ochuluka amene ndinawaona ndili mwana anali a mu ndowa ya amayi. (Anthu a kutali amaganiza kuti aliyense wa ku Mangochi anabadwa akusambira. Enafe tinabadwa tikupalira nandolo.) Nditakula ndinatsikira pa boma, ndipo nditayesa izi ndi izo ndinatsegula kashopu ka magemu kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Munali makanema awiri, makina awiri akale a mabatani, ndi mabenchi. Gemu imene inkandidyetsa inali ya mpira. Anyamata a kabaza ankaimika njinga pakhomo n'kulowa kudzamenya pang'ono, ndipo pang'onopo pankatha dzuwa litapendeka. Mabatani anachita kufufutika, osaonekanso zilembo.

Vuto langa linali limodzi. Mkazi wanga, mayi a Hawa, ankakhala kwawo ku Nkhudzi monga mwa mwambo, ndipo ine mkamwini ndinkangopitako kumapeto kwa sabata. Mwana wathu Hawa anayamba kuyenda ine kulibe. Tsiku lina nditafika, anandiyang'ana n'kukabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake ngati ndabwera kudzabaya katemera, ndipo zinandiwawa koopsa. Ndinkafuna chitengwa, kuti ndiwatenge onse awiri tizikakhala limodzi pa boma. Koma chilolezo chotere sichichokera kwa mkazi, ngakhale kwa amayi ake. Chimachokera kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali amalume awo a mayi a Hawa, Che Bwanali.

Musawaganizire ngati nkhalamba yolusa. Che Bwanali ndi munthu wamfupi, wansangala, wa ndevu zoyera ndi kofiya yosachoka kumutu, mapewa otambalala ngati chitseko. Apalasa bwato moyo wawo wonse. Akamachoka pa doko, alovi, asodzi achinyamata amene amayendera maboti a injini, amasiya kaye kukonza ukonde kuti aonerere. Ine ndinkawalemekeza kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndinkawaopa kuchokera pansi pa mimba. Nditatumiza ankhoswe anga kukapempha chitengwa, yankho linabwera lofewa koma lobaya. Anati akamwini awo ndi munthu wabwino, koma kodi zoseweretsa anazo zingadyetse banja pa tauni? Ku Nkhudzi mwana wawo sagona ndi njala. Anati aone kaye.

Ndili mkati modikira kuona kayeko, mnzanga Idrisa anabwerako ku Joni atavala jekete lachikopa pa dzuwa la Mangochi. Analowa m'shopu, nayang'ana anyamata akulimbana ndi mabatani, n'kupukusa mutu ngati wafika pa maliro.

"Achimwene, za mabatanizi zinatha," anatero. "Ku Joni anthu anasiya kalekale kukhala pansi ngati akusankha mpunga. Taonani ichi."

Anatulutsa kabokosi koyera ndi tindodo tiwiri topanda chingwe, totalika ngati chinangwa chapakatikati. Atalumikiza pa kanema anandipatsa kandodo kamodzi n'kundiuza kuti ndiponye nkhonya m'malere. Ndinaponya. Kamunthu ka pa kanema kanaponyanso, mnzake n'kugwa chagada. Ndinayang'ana dzanja langa, ndinayang'ana kanema, n'kuyang'ananso dzanja langa.

"Makina awa anagulidwa dziko lonse chifukwa cha kandodo aka basi," anatero Idrisa. "Agogo, ana, mabwana a matayi, onse. Munthu safunanso kuphunzira mabatani, amangogwedeza dzanja."

Ndinene zoona, mpaka lero ndimawavulira chipewa anthu amene anaganiza chinthu chimenechi. Kandodo kopanda chingwe, kopanda maso, koma n'kudziwa kuti dzanja lako lapita kumanzere! Pali anthu a mitu pa dziko pano. Ndinamupatsa Idrisa makina anga amodzi akale ndi kenakake pamwamba. (Musandifunse kuti kenakakeko kanali kotani. Mayi a Hawa sakudziwabe.)

Masiku oyamba anthu anadzaza mpaka kutseka khomo la wometa. Ankakuwa, ankadumpha, wina anamenya nkhonya lata la khoma mpaka wometa anatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala. Ndinayamba kuyenda motukula mapewa. Koma posakhalitsa ndinaona kuti oonerera akuchuluka, osewera akuchepa, ndipo mzere wabwerera ku makina akale amene anatsala aja, a mabatani ofufutika. Ndinamufunsa mnyamata wina wa kabaza chifukwa chake.

"Bwana, ine ndapalasa njinga kuchokera pa mlatho mpaka kuchipatala, ndabwerera nditanyamula amayi ndi thumba la chimanga. Ndiye ndikulipireni inu kuti nditulukenso thukuta? Komanso nkhonya zakezo n'zomwezomwezo. Mpirawu tsiku lililonse umakhala wina."

Munthu wanzeru akanamva pamenepo. Ine ndinangoti anyamata a kabaza sadziwa chitukuko.

Tsiku lina ndikufufuza magemu amene anabwera ndi makinawo, ndinapeza ina ya mpikisano wa mabwato. Ndinaona zonse m'maganizo mwanga: amalume aona bwato pa kanema, apalasa okha, apambana anthu onse akuona, n'kunena kuti ntchito ya akamwini si ya ana ayi, mtengeni mkazi wanu. Makinawo amalola munthu kupanga kamunthu kofanana naye, choncho ndinakhala masana onse ndikupanga ka amalume. Ndinakaika ndevu zoyera, nsidze zazikulu ndi kachipewa koyandikira kofiya, mpaka kanafanana nawo moopsa. Ndinayesereranso gemuyo, ndipo ndinatulukira chinsinsi chake. Kandodo kaja kalibe nazo ntchito za mapewa kapena msana. Kamangomva kugwedezeka, uku ndi uku. Ukagwedeza msanga, bwato limathamanga. Ndinkapambana nditakhala pa benchi, dzanja lina likusenda nthochi.

Ndinafika ku Nkhudzi ndi kanema wanga ndi kabokosi kaja, n'kubwereka batire ya sola kwa wa golosale. Mayi a Hawa anandipeza m'nyumba ndikupukuta tindodo ndi mpango.

"Bambo a Hawa, gemu yakeyo ndi yokoma?"

"Kandodoka kalibe chingwe," ndinatero.

"Sindinafunse za chingwe. Ndati, ndi yokoma?"

"Mukagwedeza chonchi, kamunthuko..."

"Bawo lija amasewera amalume pansi pa mtengo ndi thabwa la maenje ndi timiyala. Chibadwire changa silinasinthe. Palibe amene amadumpha. Koma ndiwo zimazizira tikuwaitana. Ndiye chimawagwira n'chiyani, thabwalo, kapena zimene zimachitika m'mutumu?"

Ndinawauza kuti nkhani za sayansi azindisiyira ine. (Mawu amenewa ndinawameza tsiku lotsatira, pamodzi ndi madzi a m'nyanja.)

Itatha swala ya masana ku mzikiti ndinaika kanema pa khonde la amalume. Panasonkhana alovi, amayi, ana, ngakhale anthu ongodutsa ndi njinga. Ndinayamba ndi nkhonya kuti anthu atenthe, ndipo alovi awiri anamenyana m'malere mpaka wina chitenje chimene anamanga m'chiuno chinamasuka. Kunali phwete. Apa ndinagwada pafupi ndi amalume n'kuwapempha kuti ayeseko ya mabwato. Atayang'ana pa kanema anaona kamunthu kaja kali m'bwato.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, amalume."

"Mashaallah. Mwandichepetsako mimba, zikomo."

Anatenga kandodo, nakatembenuza, nakanunkhiza, n'kunena kuti munthu wamkulu sapalasa ndi chinangwa. Anaitanitsa nkhafi yawo yeniyeni, yakuda ndi ukalamba, yosalala pogwirira, n'kumangirira kandodo kaja pa nkhafiyo ndi mphira ya chubu. Kenaka anakhala pa chigubu, napingasa miyendo monga amachitira m'bwato, nati, "Bisimila."

Abale, ndinaona zokongola tsiku limenelo. Pa khonde la fumbi, popanda ngakhale dontho la madzi, munthu uja anapalasa mpaka ife tonse tinayamba kumva mafunde. Nkhafi inkalowa mwakachetechete, msana wonse n'kuikoka, ndipo kumapeto ankaipotoza pang'ono ndi dzanja, kupotoza kumene kumawongola bwato popanda kusintha mbali. Ankapalasa mbali imodzi yokha, mosafulumira, ngati akupuma. Alovi aja anasiya kuseka. Wina ndinamumva akuuza mnzake chapansipansi kuti, "Taona mkonowo."

Koma pa kanema bwato linkangozungulira malo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake. Amene anapanga gemu ija ankadziwa kuti bwato limapalasidwa uku kamodzi, uku kamodzi, basi. Za kupotoza nkhafi sanazimvepo. Amalume akamawonjezera luso, kamunthu ka ndevu kaja kankawonjezera kuzungulira, mpaka kanakagunda mwala n'kubwerera chambuyo.

"Bwato lanuli ndi lopindika," anatero amalume, osakwiya. "Analisema ndani?"

"Ndi a kunja, amalume."

"Zikuoneka. Tengani kandodo kenako, akamwini, tipikisane. Mwina likaona linzake likuyenda lidzachita manyazi."

Kuno mkamwini sakana zimene mwini mbumba wanena pa gulu. Komanso mkamwini sapambana mwini mbumba pa gulu, makamaka pa ntchito imene mwini mbumbayo amadziwika nayo kuchokera ku Nkhudzi mpaka ku Makanjira, ndipo makamakanso ngati mkamwiniyo akupempha chitengwa. Ndiye nzeru inali yapafupi. Ndingogwira kandodo osakagwedeza, bwato langa liime, amalume azungulire mpaka mwina mphepo ya pa kanema iwafikitse.

Mpikisano unayamba. Ndinagwira kandodo chilili. Koma dzanja langa linali likunjenjemera ndi mantha, ndipo kandodo kaja, kanzeru kaja, kanamva kunjenjemerako ngati kupalasa kwa munthu wothawa mvuu. Bwato langa linanyamuka ngati lili ndi injini. Ndinagwira ndi manja awiri kuti ndiletse, koma manja awiri amanjenjemera kuposa limodzi. Ndinakapana pakati pa mawondo. Mawondo ndiye anali akugundana kale. Bwato linadumpha mathithi, linadutsa pansi pa mlatho, linatola nyenyezi zina zagolide zimene pa masiku onse oyeserera sindinazifikepo. Ndikanatha kungokaika pansi kandodoko, ndikudziwa. Nzeru imeneyi inandibwerera ndili mu minibasi patapita masiku.

Kenaka makina anaimba malipenga. Kamunthu kanga kanakwezedwa pamwamba, maluwa akugwa, gulu la pa kanema likuwomba m'manja. Ndipo pakona, poonekera bwino kwa aliyense, panali kamunthu ka ndevu zoyera ndi kachipewa, kamene ndinakapanga ndi manja angawa kuti kafanane ndi amalume. Kanagwada pansi, kanaphimba nkhope, misozi iwiri ikuluikulu ikutuluka m'mbali ngati mipopi.

Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. Ndinaona amayi a mkazi wanga akulowa m'nyumba chafutambuyo. Amalume anakayang'anitsitsa kamunthu kolirako, n'kumasula kandodo pa nkhafi yawo pang'onopang'ono.

"Mashaallah," anatero. "Tinali ndi katswiri pa mudzi pano osadziwa. Mawa m'mawa, akamwini, mubwere pa doko mudzawaphunzitse anyamatawa."

Nditabwerera kunyumba, mayi a Hawa anangofunsa kuti, "Mwabweretsa zovala zosinthira?"

M'mawa mwake pa doko panali anthu ngati kukubwera sitima. Amayi amene amatsuka mbale kumtunda kwa mabango tsiku limenelo anasamukira pafupi. Amalume anandisankhira bwato lawo lenileni, monga ulemu kwa katswiri. Inu amene simunakwerepo bwato, dziwani kuti pakamwa pake ndi popapatiza. Munthu amakhala pamwamba, pa milomo yake, m'katimo n'kulowetsa miyendo yokha. Ine sindinkadziwa. Ndinayesa kulowamo ndense, ndipo ndinapanikizika m'chiuno ngati chitsekerero cha botolo. Alovi awiri anachita kundizula.

"A katswiri akuyesa kaye kukula kwake," anatero amalume kuuza gulu.

Atandikhazika bwino anandikankha. Ndinagwira nkhafi, ndipo popeza ndinkadziwa njira imodzi yokha yopalasira, ndinayamba kuigwedeza uku ndi uku, msangamsanga. Madzi anandithira kumaso. Bwato linapotolokera kumanja, ndinapalasa kumanzere, linapitirira kumanja. Ndinaona gombe, ndinaona phiri, ndinaona nyanja, ndinaonanso gombe. Nthawi iliyonse gombe likamadutsa, anthu ankaoneka kuti awonjezereka. Ndinazindikira kuti ndikuchita zomwe zija kankachita kamunthu ka amalume, kusiyana kwake n'koti ine panalibe wondizimitsa.

Apa ndinachita chinthu chimene mwana wa zaka zisanu wa ku Nkhudzi sangachite. Ndinaimirira kuti ndipemphe thandizo.

Za m'kati mwa madzimo sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka kuti ndinaitana amayi anga a ku Katuli, ndinaitana Mulungu, ndinatsanzika mwana wanga. Ndinkamenya madzi ndi manja onse ndikukuwa kuti, "Ndikufa! Ndikufa ine!" Kenaka ndinamva mawu a mayi wina wotsuka mbale, odekha ngati akuitana mwana kudzadya phala.

"A katswiri, imirirani."

Ndinaimirira. Madzi ankalekeza m'chiuno.

Kuseka kumene kunabuka sindidzakuiwala. Amalume okha ndi amene sanaseke. Analowa m'madzi, natembenuza bwato lawo, nalikapa, nakwera, n'kupita kukatenga nkhafi imene inali itayamba ulendo wa ku Mozambiki. Anapalasa ndi manja okha mpaka kuipeza, ndipo pobwerera anakoka katatu basi, bwato n'kubwera molunjika ngati lakokedwa ndi chingwe, n'kudzaima pafupi ndi ine osandigunda. Ndili chiimire m'madzimo, manyazi ali tho, ndinapezeka ndikusirira. Zimene ndinaziona pa khonde zija zinali chithunzi chabe.

Masana onse ndinabindikira m'nyumba nditafunda chitenje. Ndinkadziwa kuti chitengwa chamira limodzi ndi nsapato yanga imodzi. Ndinayamba kuganiza za zaka zimene zikubwera, za mwana wanga kukula akundiona ngati mlendo wobwera ndi buledi, ndipo ndinalira pang'ono, sindibisa. Mayi a Hawa sanabwere kudzanditonthoza. Ndinaganiza kuti nawonso achita manyazi. Kenaka ndinayamba kumva mawu kuchokera ku khonde la amalume, osati kuseka ayi, koma mawu a anthu amene agwira mpweya. "Kumanzere, amalume! Kumanzere! Itembenuzeni!" Ndinasuzumira.

Kanema wanga anali woyaka. Mayi a Hawa, amene ndinawauza kuti za sayansi azindisiyira, anali atafufuza okha m'makinamo n'kupeza kagemu kena kamene ine ndinkangokadumpha chifukwa sikafuna kugwedeza dzanja. Mulibe bwato, mulibe munthu, mulibe nkhonya. Timatabwa tamaonekedwe osiyanasiyana timagwa kuchokera kumwamba, iwe n'kumatitembenuza ndi mabatani awiri kuti tilowane bwino pansi. Mzere ukadzaza popanda mpata, umasowa. Ukasiya mipata, mulu umakwera mpaka kukutsekera. Basi, gemu yonse ndi imeneyo. Amalume anali atakhala pa mkeka, kandodo kaja atakagwira chopingasa ngati chimanga chootcha, thupi lonse lili duu, zala ziwiri zokha zikuyenda.

"Aka n'kupakira bwato," ankatero osachotsa maso pa kanema. "Ukaika dengu molakwika pansi, pamwamba udzalira. Taonani, kanditumizira lokhota pamene ndikufuna lowongoka. Kakudziwa! Ameneyu ndi munthu woipa, ndamukonda."

Mulu unawatsekera. Anati ayambirenso. Unawatsekeranso, koma atapita patsogolo pang'ono. Anati ayambirenso. Ukonde umene anati ausoka masanawo unali pomwepo pa mchenga. Anzawo a bawo anabwera kudzawaitana, n'kukhala pansi, osabwereranso. Kuitana kwa swala ya madzulo kutamveka ku mzikiti, anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo n'kufunsa kuti, "Kodi chimenechi chimaima?" Atawasonyeza batani loimitsira, analoza gulu lonse ndi chala. "Wokhudza aliyense tionana." Anapita kukaswali, ndipo anthu akuti chikhalire sanawaonepo akubwerera mothamanga chotero.

Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe ndikuonerera, ndipo ndinayamba kuganiza za anthu awiri amene sindidzawaona. Woyamba anapanga gemu ya mabwato. Anali ndi kandodo kodabwitsa m'manja, koma bwato sanalikwerepo, ndipo gemu yake inasandutsa katswiri weniweni kukhala choseketsa, n'kupereka maluwa kwa munthu wonjenjemera. Wachiwiri analibe chilichonse, timatabwa basi, koma ankaudziwa mtima wa munthu. Ankadziwa kuti munthu akalephera chifukwa cha kulakwitsa kwake, n'kuona pamene walakwitsa, sachoka. Amafuna kukonza. Ameneyo kulikonse kumene ali, Mulungu amupatse moyo wautali.

Tsiku lotsatira ndikumanga katundu, amalume anandiitanitsa. Ndinapita ndi nsapato zobwereka, n'kukhala pansi chapatali. Panali ankhoswe a mbali yawo ndi apongozi anga aakazi.

"Akamwini," anatero, "ndaganiza. Ine ukonde wanga sindinausiyepo osasoka chifukwa cha chinthu chilichonse, ngakhale malungo. Dzulo ndinausiya. Ngati ntchito yanu ndi kubwereketsa zinthu zotere kwa anthu, njala simudzaiona. Anthu adzagona ndi njala iwowo, osati inu."

Ndinawomba m'manja mwaulemu.

"Chachiwiri, munthu ngati inu kukhala pafupi ndi nyanja n'kuputa maliro. Sitikufuna kudzayankha mafunso kwa abale anu a ku Katuli. Mtengeni mkazi wanu ndi mwana, muzikakhala pa boma, kutali ndi madzi."

Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira, koma mkamwini sachita zimenezo. Ndinathokoza, ndinathokozanso, n'kudzuka kuti ndikatenge makina anga.

"Iyayi, amenewo asiyeni," anatero amalume. "Wotenga mkazi amasiya kanthu pakhomo. Ena amasiya nkhuku, ena mbuzi. Ife sitivuta. Kanemayo musiyenso, kabokosi kokha kangatipindulire chiyani? Koma kandodo kenako mukhoza kutenga, sitikafuna."

Choncho ndinabwerera pa boma ndi mkazi, mwana, ndi kandodo kamodzi kopanda makina ake. Shopu inatsala ndi kanema mmodzi ndi makina akale amodzi, ndipo tikudya ndithu, chifukwa mpira uja anyamata sanatope nawo. Madzulo ndikatseka, Hawa amandithamangira pakhomo n'kundikwera pamsana. Sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono. Wina akandifunsa lero chimene chimagulitsa makina a magemu, ndimamuuza kuti kandodo kamaitana anthu kuti adzasuzumire, koma chowakhazika pansi ndi gemu yopangidwa ndi munthu woganiza. Ndimanena zimenezi ngati ndinazitulukira ndekha, ndipo mayi a Hawa amangondiyang'ana.

Koma gemu yopangidwa bwino ili ndi kuipa kwake. Sabata yatha amalume anaimba foni.

"Akamwini, timatabwa tija tayamba kugwa mothamanga kwambiri. Pali malo ena sindikudutsapo. Pakufunika thandizo kuno."

Ndinatukula mapewa. "Ndibwera, amalume, musadandaule."

"Si inu. Inu mungadziwe chiyani? Ndikunena mwana wanga. Mum'tumize adzakhale kuno masiku angapo."

Mayi a Hawa anapita dzana, ndi Hawa yemwe. Dzulo ndinaimba kufunsa kuti abwerako liti, ndipo anandiyankha mwachidule kuti ndisawasokoneze, ali pakati pa mzere. Ndadya chinangwa chootcha masiku awiri tsopano, ndipo ndayamba kuganiza zotumizanso ankhoswe.